Jinja, Kutupa kwa M'thupi ndi Chitetezo cha Thupi: Zoyenera Kudziwa Alimi, Amalonda ndi Anthu Onse

Jinja amapezeka m'misika yambiri ya m'dziko muno, wamuwisi ndi waufa yemwe. Mabanja amamuthira mu tiyi, m'ndiwo ndi m'zakumwa zosiyanasiyana. M'nyengo ya mliri wa Covid-19 anthu ochuluka ankamuwiritsa pamodzi ndi mandimu ndi adyo, ndipo kuyambira pamenepo mbiri yake ngati mankhwala yakhala ikukula. Pamodzi ndi mbiriyo pabwera zonena zambiri, zina zoona, zina zokokomeza. Nkhani ino ikufotokoza zimene zili m'kati mwa jinja, momwe zimakhudzira kutupa ndi chitetezo cha m'thupi, malire a mphamvu yake, ndi zimene alimi ndi amalonda angachite kuti mbewuyi ifike kwa ogula isanaguge.

Mfundo yaikulu ndi iyi: jinja ali ndi mankhwala achilengedwe amene amachepetsadi kutupa, koma mwa munthu mphamvu yake ndi yapakatikati. Ndi chakudya chothandiza, osati cholowa m'malo mwa mankhwala a kuchipatala.

Mbewu ya jinja

Dzina la jinja m'sayansi ndi Zingiber officinale, ndipo analipereka katswiri wa zomera wa ku England, William Roscoe, m'chaka cha 1807. Mbewuyi inachokera ku madera otentha a ku Asia, kumene yakhala ikulimidwa kwa zaka zoposa 2,000 ngati chokometsera chakudya ndiponso ngati mankhwala. Lero dziko lonse limakolola matani oposa 4 miliyoni pa chaka. India ndiye amalima jinja wochuluka kuposa mayiko onse, ndipo mu Africa akutsogola ndi Nigeria.

Gawo limene limadyedwa anthu amalitcha muzu, koma kwenikweni ndi tsinde lomera chopingasa pansi pa nthaka. N'chifukwa chake limakhala ndi maso ophukira, ndipo ndi lomwelo limene limabzalidwa ngati mbewu.

Mankhwala achilengedwe a mu jinja

Mankhwala a mu jinja ali m'magulu awiri. Gulu loyamba ndi mafuta onunkhira, amene amakhala pakati pa gawo 1 ndi magawo 3 pa magawo 100 alionse a jinja wouma. Amenewa ndiwo amapereka fungo lodziwika lija. Gulu lachiwiri ndi la mankhwala amene amachititsa kuti jinja aziwawa m'kamwa ndi kutenthetsa pakhosi. Kafukufuku wambiri wa za kutupa wagona pa gulu lachiwirili.

Mu jinja wamuwisi, mankhwala ochuluka a gulu limeneli amatchedwa gingerol. Dzinali analipereka John Thresh wa ku England m'chaka cha 1879. Pali mitundu ingapo, monga 6-gingerol, 8-gingerol ndi 10-gingerol, koma wochuluka koposa ndi 6-gingerol.

Jinja akaumitsidwa, akatenthedwa kapena akasungidwa nthawi yaitali, gawo lina la gingerol limataya madzi n'kusanduka shogaol. Dzina limeneli linachokera ku mawu a Chijapani otanthauza jinja. Shogaol amawawa kwambiri kuposa gingerol, ndipo ichi n'chimene chimachititsa kuti ufa wa jinja uzimveka waukali kuposa jinja wongokumba kumene. Jinja akaphikidwa, gingerol wina amasanduka zingerone, yemwe sawawa kwenikweni ndipo fungo lake ndi lotsekemera. Katswiri wa ku Japan, Hiroshi Nomura, ndiye anapatula zingerone m'chaka cha 1917.

Tanthauzo la zimenezi ndi lakuti jinja wamuwisi, wouma ndi wophika sali chimodzimodzi. Mbewu ndi imodzi, koma mankhwala ake amasintha malinga ndi momwe yasamalidwira ikachoka m'munda.

Kutupa n'chiyani

Mawu akuti kutupa m'nkhani ino sakutanthauza chotupa chooneka ndi maso chokha. Akutanthauza njira yonse imene thupi limayankhira likavulala kapena likalowedwa ndi tizilombo toyambitsa matenda. Zaka pafupifupi 2,000 zapitazo, mlembi wa ku Rome wotchedwa Celsus anatchula zizindikiro zake zinayi: kufiira, kufufuma, kutentha ndi ululu. Munthu amene walasidwa ndi munga kuphazi amaziona zonse zinayi.

Kutupa kotereku n'kwabwino. Mitsempha ya magazi imatseguka, magazi amachuluka pamalo ovulalawo, ndipo maselo oyera a m'magazi, omwe ambiri amawatcha asilikali a m'thupi, amathamangira kumeneko kukapha tizilombo ndi kuchotsa minofu yowonongeka. Ntchitoyo ikatha, kutupa kumaphwa.

Vuto limadza pamene kutupa sikuzima. Kukapitirira kwa miyezi kapena zaka, kumayamba kuwononga thupi lomwe kumayenera kuteteza. Kutupa kokhalitsa kumapezeka mu nyamakazi, m'matenda ena a m'matumbo, ndipo kumathandizira pa matenda a mtima ndi shuga. Palinso matenda amene chitetezo cha m'thupi chimasokonezeka n'kuyamba kuukira thupi la mwini wake, monga matenda otchedwa lupus.

Momwe jinja amachepetsera kutupa

Maselo akavulala amapanga timadzi tonyamula uthenga wa ululu ndi kutupa. Timadzi tina timatchedwa prostaglandin, ndipo timapangidwa ndi mapuloteni otchedwa COX. M'chaka cha 1971, John Vane wa ku London anaonetsa kuti aspirin amachepetsa ululu potsekereza kupangidwa kwa prostaglandin, ndipo ntchito imeneyi inamupezetsa mphoto ya Nobel mu 1982. Mankhwala a ibuprofen, odziwika ndi dzina lakuti Brufen, amagwiranso ntchito m'njira yomweyo.

Pofufuza mu labotale, akatswiri apeza kuti gingerol ndi shogaol amafooketsa mapuloteni a COX, ngakhale kuti mphamvu yawo ndi yochepa poyerekeza ndi mankhwala a kuchipatala. Amafooketsanso puloteni ina yotchedwa 5-LOX, imene imapanga timadzi ta leukotriene tomwe timaitana asilikali a m'thupi kuti adzaze pamalo otupa.

Njira yachitatu ili m'kati mwa selo. Muli puloteni yotchedwa NF-kB imene imagwira ntchito ngati mlonda woimba ng'oma ya nkhondo. Ikadzuka, selo limayamba kutulutsa timadzi tambiri tokoleza kutupa, monga TNF-alpha, interleukin-1 ndi interleukin-6. M'maselo oyesedwa mu labotale ndiponso mu mbewa zofufuzira, mankhwala a mu jinja, makamaka 6-shogaol, amachepetsa kudzuka kwa puloteni imeneyi, choncho timadzi tokoleza kutupa timatuluka tochepa.

Kutentha kumene munthu amamva akamwa tiyi wa jinja kuli ndi chifukwa china. Gingerol amakhudza timalo ta m'mitsempha totchedwa TRPV1, tomwe timamva kutentha, ndipo ndi timalo tomwetonso timene tsabola amakhudza. Kumva kutentha kapena kutuluka thukuta si chizindikiro chakuti matenda akutuluka m'thupi.

Jinja ndi asilikali a m'thupi

Mwa asilikali onse a m'magazi, ochuluka kwambiri ndi otchedwa neutrophil. Amenewa ndiwo amayamba kufika pamene tizilombo talowa. M'chaka cha 2004, Volker Brinkmann, Arturo Zychlinsky ndi anzawo a ku Berlin anapeza kuti maselo amenewa amatha kuponya ulusi wonata wonga ukonde umene umakola mabakiteriya. Ukondewu ndi wothandiza pa nkhondo yolimbana ndi tizilombo, koma ukachuluka popanda mdani umawononga mitsempha ndi kuundanitsa magazi. Izi zimachitika mwa odwala lupus ndiponso mwa odwala matenda oundanitsa magazi otchedwa antiphospholipid syndrome.

Mu 2021, ofufuza a ku University of Michigan m'dziko la America anapereka 6-gingerol kwa mbewa zokhala ndi matenda awiriwa. Anapeza kuti maselo a mbewazo ankaponya ukonde wochepa, ndipo kuundana kwa magazi kunatsika. Chifukwa chake chinali chakuti gingerol amachulukitsa m'kati mwa selo kanthu kotchedwa cAMP, kamene kamagwira ntchito ngati buleki. Mu 2023, ofufuza omwewo pamodzi ndi anzawo a ku University of Colorado anayesa anthu ochepa athanzi labwino. Anthuwo ankamwa mankhwala opangidwa kuchokera ku jinja okhala ndi mamiligalamu 20 a gingerol pa tsiku kwa masiku 7. Pomaliza, cAMP anali atakwera m'maselo awo, ndipo maselowo sankafulumira kuponya ukonde. Tiyenera kukumbukira kuti oyesedwawo anali ochepa ndiponso sanali odwala, choncho zotsatirazi zikusonyeza njira yofufuzira, osati machiritso.

M'chaka chomwecho cha 2023, ofufuza a ku Leibniz Institute for Food Systems Biology, ya pa Technical University of Munich ku Germany, anafalitsa zotsatira zoonetsa mbali ina. Iwo anali atapeza kale kuti munthu akamwa lita imodzi ya tiyi wa jinja, 6-gingerol amapezeka m'magazi pakatha mphindi 30 mpaka 60. Atayesa mlingo wochepa woterewu pa maselo a neutrophil mu labotale, maselowo anakhala atcheru ndipo anayankha mwamphamvu atakumana ndi chinthu choyerekeza mabakiteriya.

Zotsatira ziwirizi zikuonetsa kuti mawu akuti jinja amakweza chitetezo cha m'thupi sakulongosola bwino nkhaniyi. Chitetezo si madzi a mu ndowa oti n'kuwonjezera. Ndi gulu la maselo osiyanasiyana, ndipo jinja amadzutsa ntchito zina pamene ntchito zina amazibweza. Palibe umboni wakuti jinja amateteza kapena kuchiza Covid-19, malungo, chifuwa chachikulu cha TB, khansa kapena HIV, ndipo sabwezeretsa chitetezo chimene kachilombo ka HIV kawononga. Ntchito imeneyo ndi ya ma ARV.

Zimene zapezeka mwa anthu odwala

Zoona mu labotale sizikhala zoona mwa munthu nthawi zonse. Njira yodalirika ndi kugawa odwala m'magulu awiri, lina n'kulandira jinja, lina n'kulandira mapiritsi ongoyerekeza opanda mankhwala, popanda wodwala kudziwa chimene walandira.

Pa nyamakazi ya m'mawondo, kafukufuku wodziwika ndi wa Roy Altman ndi K. C. Marcussen wa m'chaka cha 2001 ku America. Odwala 247 anawunikidwa atamwa mankhwala kwa masabata 6. Mwa amene analandira mankhwala ochokera ku jinja ndi chomera china cha mtundu womwewo chotchedwa galangal, anthu 63 pa 100 alionse ananena kuti ululu wa poimirira unachepa. Mwa amene analandira mapiritsi ongoyerekeza, anthu 50 pa 100 alionse ananenanso chimodzimodzi. Phindu lenileni la jinja ndi kusiyana kwa ziwerengero ziwirizi, ndipo gulu la jinja linadandaula kwambiri za m'mimba. Mu 2015, akatswiri otsogozedwa ndi Else Marie Bartels wa ku Denmark anaphatikiza kafukufuku musanu wokhudza odwala 593. Anapeza kuti jinja amachepetsa ululu ndi kulephera kuyenda pang'ono, ndipo odwala amene anasiyira panjira chifukwa cha zovuta anali ambiri m'gulu la jinja.

Pa kuphwanya kwa minofu, kafukufuku wa mu 2010 wa ku University of Georgia anapeza kuti magalamu 2 a jinja pa tsiku kwa masiku 11 anachepetsa ululu wobwera pambuyo pa ntchito yolemetsa manja ndi pafupifupi gawo limodzi mwa magawo anayi. Jinja wamuwisi ndi wotenthedwa anathandiza mofanana.

Pa ululu wa pa nthawi ya msambo, umene umayamba chifukwa cha kuchuluka kwa prostaglandin m'chiberekero, kafukufuku wa mu 2009 wa ku Iran anayesa ophunzira 150. Amene ankamwa mamiligalamu 250 a ufa wa jinja kanayi pa tsiku kwa masiku atatu oyamba anapeza mpumulo wofanana ndi wa amene ankamwa ibuprofen kapena mefenamic acid.

Umboni wolimba kwambiri wa jinja uli pa nseru ndi kusanza, makamaka kwa amayi oyembekezera m'miyezi yoyambirira. Pamenepa mabungwe a madokotala a m'mayiko angapo amavomereza jinja ngati njira imodzi yoyesa.

Chifukwa chimene mphamvu imachepera m'thupi

Mu labotale, gingerol amathiridwa mwachindunji pa maselo ndiponso pa mlingo waukulu. Mwa munthu, ayenera kudutsa m'matumbo ndi m'chiwindi, ndipo ziwalo zimenezi zimamusintha msanga kuti atuluke m'thupi. Kafukufuku wa mu 2008 wa ku University of Michigan anapeza kuti anthu atamwa jinja mpaka magalamu 2, m'magazi mwawo munkapezeka gingerol wosinthidwa kale, ndipo ankatha m'maola ochepa. Kuwonjezera apo, kuchuluka kwa gingerol kumasiyana malinga ndi mtundu wa mbewu, nthaka, msinkhu wokololera ndi kasungidwe. Makapu awiri a tiyi wa jinja wogula m'misika iwiri angathe kusiyana kwambiri mphamvu.

Mlingo ndi anthu oyenera kusamala

Jinja wothira m'chakudya ndi mu tiyi alibe vuto kwa anthu ambiri. Kafukufuku wambiri wagwiritsa ntchito pakati pa theka la galamu ndi magalamu 2 a ufa pa tsiku. Supuni yaing'ono ya tiyi imanyamula pafupifupi magalamu 2. Malangizo ofala ndi akuti munthu wamkulu asapitirire magalamu 4 pa tsiku, ndipo mayi woyembekezera asapitirire galamu imodzi. Kupitiriza mlingo kumabweretsa chilungulira, mpweya wa m'mimba, kutsegula m'mimba ndi kutentha m'kamwa.

Anthu awa afunse dokotala kapena wazamankhwala asanayambe kumwa jinja wambiri tsiku ndi tsiku:

Amene akumwa mankhwala oletsa kuundana kwa magazi, monga warfarin kapena aspirin wa tsiku ndi tsiku, chifukwa jinja angathe kuwonjezera kukha magazi.

Amene akuyembekezera kuchitidwa opaleshoni, ndi amayi amene atsala pang'ono kuchira.

Amene akumwa mankhwala a shuga kapena a kuthamanga kwa magazi, chifukwa jinja angathe kutsitsa shuga ndi kuthamanga kwa magazi mowonjezera.

Amene ali ndi timiyala ta mu ndulu kapena zilonda za m'mimba.

Chiopsezo chachikulu si jinja mwini, koma kuchedwa kupita kuchipatala. Kutentha thupi, makamaka kwa mwana kapena mayi woyembekezera, kumafuna kuyezetsa malungo tsiku lomwelo. Chifuwa chosatha, kubanika, chotupa chimene chikukula, kutupa kwa miyendo kapena nkhope, ndiponso mfundo yotupa, yotentha ndi yofiira mwadzidzidzi, zonsezi ndi za kuchipatala. Wodwala amene ali pa ma ARV, pa mankhwala a TB, a shuga, a khunyu kapena a kuthamanga kwa magazi asasiye mankhwala ake chifukwa cha jinja.

Kwa alimi

Ubwino wa jinja umayambira m'munda. Mbewuyi imakonda malo ofunda, a mvula yokwanira, ndi nthaka yachonde yosadikha madzi. Madzi akakhazikika, tsinde limawola. Matenda ofota ndi owoletsa tsinde amayenda ndi mbewu komanso amakhalira m'nthaka, choncho mlimi asankhe mbewu yolimba yochokera m'munda wopanda matenda ndipo azichita kasinthasintha wa mbewu. M'chaka cha 2023 matenda anawononga minda yambiri ya jinja kumwera kwa chigawo cha Kaduna ku Nigeria, ndipo alimi ambiri anataya zokolola pamodzi ndi mbewu ya chaka chotsatira.

Nthawi yokolola imatengera msika. Jinja wa miyezi 5 kapena 6 ndi wanthete, alibe ulusi wambiri ndipo sawawa kwambiri, choncho amayenera kugulitsidwa wamuwisi. Jinja woti aumitsidwe kapena kugayidwa akhale m'munda miyezi 8 mpaka 10, kufikira masamba atachita chikasu ndi kuuma. Pa msinkhu umenewu mafuta ndi mankhwala owawa amakhala atachuluka.

Pokumba, khasu lisateme tsinde, chifukwa bala ndilo khomo la chuku. Jinja atsukidwe ndi madzi oyera tsiku lomwelo. Ngati akupalidwa, achotsedwe khungu la pamwamba lokha, popeza mafuta ambiri amakhala pansi pa khungu pomwepo. Kudula m'tizidutswa topyapyala kumafulumizitsa kuuma. Kuyanika kuchitike pa thandala kapena pa lona woyera, osati pa dothi, ndipo jinja azitembenuzidwa kawirikawiri. Ogwiritsa ntchito makina oumitsira asapitirire madigiri 60, chifukwa moto wambiri umauluza mafuta onunkhira ndi kudetsa mtundu. Jinja wouma bwino amathyoka ndi kuti thwa, ndipo chinyezi chake sichipitirira magawo 12 pa 100. Makilogalamu pafupifupi 5 a jinja wamuwisi ndiwo amatulutsa kilogalamu imodzi ya wouma, ndipo mlimi awerengere zimenezi poika mtengo.

Jinja wosauma bwino amagwidwa ndi chuku, ndipo mitundu ina ya chuku imatulutsa poizoni wa aflatoxin, yemweyo amene amavutitsa alimi a mtedza ndi chimanga. Poizoniyu amawononga chiwindi ndipo satha ndi kuwiritsa. Jinja wachuku atayidwe, asagayidwe n'cholinga chobisa vutolo.

Kwa amalonda

Matumba a jinja wouma asanjidwe pa matabwa, m'chipinda chouma ndi chodutsa mpweya, kutali ndi feteleza, mafuta a galimoto ndi mankhwala ophera tizilombo. Ufa umaguga msanga kuposa zidutswa, choncho n'kwanzeru kugaya wochepa wokwanira kugulitsa m'nthawi yaifupi ndi kuusunga m'zotengera zotsekeka bwino, kutali ndi dzuwa. Kusakaniza ufa wa jinja ndi ufa wa chimanga kapena wa chinangwa ndi chinyengo, ndipo kumaphetsa msika wa alimi onse.

Zolembedwa pa paketi zinene zoona: dzina la katundu, kulemera kwake, wopanga, tsiku lopangira ndi tsiku lothera ntchito. Za miyezo ya zakudya zopakidwa amayang'anira ndi a Malawi Bureau of Standards, ndipo za mankhwala amayang'anira ndi a Pharmacy and Medicines Regulatory Authority. Wamalonda amene akufuna kugulitsa katundu wake ngati mankhwala ayambe wafunsa ku bungwe lachiwirili. Kulengeza kuti jinja amachiza shuga, khansa kapena HIV kulibe umboni, ndipo kungachititse wodwala kusiya mankhwala amene akusunga moyo wake.

Mwachidule

Gingerol, shogaol ndi zingerone ndi mankhwala enieni a mu jinja, ndipo amafooketsa njira zingapo zimene thupi limakolezera kutupa. Mwa anthu, phindu looneka ndi la pa nseru, pa ululu wa msambo, pa kuphwanya kwa minofu, ndiponso pang'ono pa nyamakazi ya m'mawondo. Pa chitetezo cha m'thupi, zimene zapezeka n'zochokera mu labotale, mu mbewa ndi mwa anthu ochepa athanzi. Mlimi akolole jinja wokhwima ndi kumuumitsa mwaukhondo, wamalonda amugulitse wosasakaniza ndiponso popanda malonjezo onama, ndipo wogula amugwiritse ntchito pa mlingo woyenera. Amene ali ndi mafunso a kalimidwe aonane ndi mlangizi wa zaulimi wa m'dera lawo, ndipo a mafunso a zaumoyo apite ku chipatala chimene ali nacho pafupi.